Vitamini D wa 10,000 IU wa pa intaneti uja, ine ndampatsa nyenyezi imodzi

Botolo limeneli ndalipatsa nyenyezi imodzi pa zisanu, ndipo imodziyo ndi ya mtengo basi chifukwa kutchipa kokha ndiye ndi lotchipadi, komanso limafika msanga litamatidwa bwinobwino. Ndikunena botolo la vitamini D3 la 10,000 IU (IU ndi muyeso wa mphamvu ya vitamini), la timakapisozi 365 tokhala ndi mafuta achikasu mkati, lomwe likuyenda kwambiri pakati pa ife a Malawi okhala kuno ku UK makamaka Okutobala akangokwana dzuwa nkuyamba kuthawa. Dzina la kampani sinditchula chifukwa ogulitsa zoterezi alipo ambirimbiri, amangosiyana mtundu wa lebulo koma zolemba zake ndi zimodzimodzi. Langa linachokera kwa asisi ena a kutchalitchi kwathu omwe amaoda ambiri nthawi imodzi nkumagawira anzawo, ndipo amachita zimenezi ndi mtima wabwino ndithu, safuna phindu lililonse.

Ndinene kaye kuti ine sindikudana ndi vitamini D, ndimamwa tsiku lililonse ndipo ana anga amamwanso. Kuno timamufunadi. Thupi limapanga lokha vitamini ameneyu khungu likawombedwa ndi dzuwa, koma dzuwa la kuno kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro a Malichi limakhala lotsika kwambiri moti liwale bwanji mphamvu imeneyo silikhala nayo, ndiye onjezanipo khungu lathu lakudali lomwe limafuna dzuwa lambiri kuposa la azungu kuti lipange mlingo womwewo, onjezaninso mashifiti a naiti a ku care omwe ambirife timagwira, umalowa ntchito kutada, kutuluka kusanayere bwino, kufika kunyumba nkutseka makatani kugona, ukamadzuka kwadanso. Nchifukwa chake a NHS, omwe amayendetsa zipatala za boma kuno, amati aliyense aganizire zomamwa ma micrograms 10 patsiku nyengo yozizira, koma ife a khungu lakuda, pamodzi ndi anthu omwe satulukatuluka panja kapena amavala zophimba thupi lonse, tizimwa chaka chonse. Vitamini ameneyu akasowa mafupa amafooka ndi kumawawa, minofu imalefuka, ana miyendo imapindika nkukhala ndi matewe. Zimenezo sizokambirana, ndi zoona.

Koma ma micrograms 10 amenewo ndi 400 IU basi. Botolo lomwe ndikunenali ndi la 10,000 IU pa kakapisozi kamodzi, ndipo kumbuyo kwake analemba kuti muzimwa kamodzi patsiku pa nthawi ya chakudya.

Lebulo yake ndi yomwe yandipsetsa mtima kwambiri. Kutsogolo kuli chithunzi cha dzuwa, 10,000 IU yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ngati ndi chinthu chonyadira, mmunsi mwake mawu oti mphamvu yapamwamba, chitetezo cha mthupi, mafupa olimba, lokwana chaka chonse. Ukalitembenuza kuli timalemba ting'onoting'ono toti mpaka uyandikize pa nyale, pamenepo ndi pomwe analemba 250 µg, ndi kanambala kena koonetsa kuti ndi 5000% ya mlingo wa tsiku womwe amawerengera pa malebulo, womwe ndi wocheperapo kuposa wa a NHS uja. Kanambala ka 5000% kameneka anthu sakaona. Chenjezo lomwe lilipo ndi lija lopezeka pa botolo lina lililonse, loti musapyole mlingo womwe walembedwa ndipo sungani patali ndi ana. Palibe pomwe analemba kuti mlingo womwe walembedwawo ndi wopyola kale malire, palibe pomwe atchula impso, palibe pomwe atchula mankhwala a BP, palibe zizindikiro zoti munthu ukaziona usiye.

Nkhani ya manambalayi imasokoneza anthu ophunzira omwe. Microgram imodzi ndi 40 IU. Ndiye munthu wamva kuti tiyenera kumwa 400, watembenuza botolo waona 250, akuti aaa ndiye kachepatu aka mwina ndizimwa tiwiri, osadziwa kuti 400 ija ndi ya IU pomwe 250 iyi ndi ya ma micrograms. Ndinamva ndi makutu angawa mayi wina akunena zimenezi titaweruka mapemphero. Kenako pali kachizindikiro kaja ka µg komwe ena amakawerenga ngati mg, chonsecho mg imodzi ndi ma micrograms 1,000.

Tiwerengere limodzi. Malire omwe a NHS anaika kwa munthu wamkulu ndi ma micrograms 100 patsiku, yomwe ndi 4,000 IU, ndipo amenewo ndi malire oti usapyole, osati mlingo woti uzilakalaka kufikapo. Kakapisozi kamodzi ka botolo ili ndi kawiri ndi theka kupyola malirewo, ndipo ndi maulendo 25 kuposa 400 IU ija. Koma chomwe chinanditsegula maso ndi zomwe anandiuza a ku famase nditapita nalo kukawaonetsa. Mayiyo analiyang'ana kutsogolo, kumbuyo, nkundifunsa kuti kodi ndi a dokotala akulemberani limeneli, nditati ayi anandifotokozera kuti munthu yemwe amuyeza magazi nkumupeza kuti vitamini D wake ndi wotsikadi amamupatsa pafupifupi 300,000 IU yonse pamodzi, moigawa pa masabata 6 mpaka 10, mwachitsanzo 50,000 IU kamodzi pa sabata kwa masabata 6, kenako amasiya nkubwerera ku mlingo wochepa wa tsiku ndi tsiku, ndipo patapita mwezi amamuyeza kashiamu mmagazi. Tsopano chulukitsani 10,000 ndi masiku 30. Mupeza 300,000 yomweyo. Kutanthauza kuti mwezi umodzi wa botolo ili ndi chithandizo chonse cha munthu wodwala, ndipo botolo lonse ndi chithandizo chimenecho maulendo 12 motsatizana, popanda woyeza magazi, popanda wokuuza kuti basi zakwana.

Anthu ambiri timaganiza kuti mavitamini onse ali ngati vitamini C, woti ukachulutsa thupi limatulutsira mmkodzo wotsalayo. Vitamini D sali choncho, iyeyu amasungunuka mmafuta ndipo thupi limamusunga mmafuta a mthupi, amangounjikana pang'onopang'ono. Chiwindi chimamusintha koyamba, impso zimamusinthanso kachiwiri, ndipo ntchito yake yaikulu ndi yothandiza matumbo kuyamwa kashiamu kuchokera mchakudya. Akakhala wa mlingo wabwino kashiamuyo amakalimbitsa mafupa ndi mano. Akachulukitsa, matumbo amayamwa kashiamu mopyola muyezo, winanso amayamba kuchoka mmafupa momwemo kulowa mmagazi, ndiye magazi amadzaza kashiamu, a chipatala amati hypercalcaemia. Impso zimayesetsa kumutulutsa, munthu nkumangokodza, ludzu losatha, thupi kuuma madzi, kenako kashiamuyo amayamba kukhazikika mu impso momwemo ndi mmitsempha ya magazi. Zili ngati ketulo ya kumadera a madzi olimba monga London, momwe mkati mumamera zoyera zolimba zija osadziwa kuti zinayamba liti. Mtima nawo umatha kuyamba kugunda mosalongosoka. Ndipo ena sadziwa kuti cholecalciferol, lomwe ndi dzina lenileni la D3, amamugwiritsanso ntchito mmankhwala ena ophera makoswe, pa mlingo waukulu kwambiri inde, koma khosweyo amafa ndi njira yomweyi ya kashiamu kuchuluka mmagazi. Dzuwa lokha silingakufikitseni pamenepa chifukwa khungu limadziwa posiyira, vutoli limabwera ndi mapiritsi.

Ndisakuopsezeni mopitirira, sikuti mukamwa kakapisozi kamodzi kapena kwa sabata mugwa pansi ayi. Munthu wamkulu wathanzi, wa impso zabwino, yemwe sakumwa china chilichonse, atha kumwa kwa kanthawi osamva kalikonse, ndipo ambiri omwe amafika pogonekedwa amakhala kuti amamwa zochuluka kuposa apa kwa miyezi. Vuto ndi loti ndani mwa ife amene akumwa chimodzi chokha. Wina ali ndi multivitamin momwe muli kale vitamini D, ali ndi cod liver oil yemwenso ali naye, mmawa wadya ma cereal owonjezeramo, a GP, dokotala wa kuchipatala cha mdera, anamulembera kale Adcal-D3 yemwe piritsi lililonse muli kashiamu 600mg ndi 400 IU, ndiye pamwamba pa zonsezo nkuikapo 10,000.

Ndi zomwe zinawachitikira amayi ena achikulire a kutchalitchi komweku, omwe ndimawalemekeza ngati mayi anga. Iwo maondo ndi msana zimawavuta, ndiye atamva kuti vitamini D amathandiza mafupa analandira botolo nkumamwa mokhulupirika, tsiku lina thupi likawawa kwambiri nkumwa tiwiri, uku akumwanso mapiritsi a kashiamu omwe anawalembera kuchipatala ndi ena a BP aja okodzetsa. Tsiku lina titakhala pa chakudya ndinaona kuti nsima angoinyema kawiri nkuisiya, koma madzi ndiye akungothira mu tambula, kumwa, kuthiranso. Ndinawafunsa kuti amayi kodi muli bwino, iwo nkuti mwanawe ine ndikuona ngati shuga wandipeza, usiku sindikugona ndikungodzuka kukataya madzi, pakamwa pouma, chimbudzi chikundivuta, mseru, ndiye mutuwu ukungokhala ngati si wanga ndikumaiwala zinthu. Zizindikiro zake zimafananadi ndi shuga, nchifukwa chake anthu sachedwa kusokonezeka. Mwana wawo anawatengera kwa GP, shuga anapezeka kuti ali bwinobwino, koma kashiamu ndiye anali atakwera ndipo impso zinali zitayamba kuonetsa kutopa. Atafunsidwa kuti mukumwa mankhwala anji anatchula a BP ndi a kashiamu okha, botolo lija sanalitchule chifukwa kwa iwo si mankhwala, ndi mavitamini. Anachita kukumbutsa ndi mwana wawoyo. Anawasiyitsa zonse za vitamini D ndi kashiamu, kuwasinthira a BP, kuwauza kuti azimwa madzi ambiri nkumabwera kudzayezetsa, ndipo zinatenga nthawi ndithu kuti manambala abwerere mmalo. Pano ali bwino, tithokoze Mulungu. Koma asisi omwe anawapatsa botolo aja analira, ndipo ine sindiwaimba mlandu, iwo anawerenga lebulo ngati mmene wina aliyense akanawerengera.

Mapiritsi a BP okodzetsa amenewa, a gulu la thiazide monga indapamide, bendroflumethiazide ndi hydrochlorothiazide, amachepetsa kashiamu yemwe impso zimataya mmkodzo, ndiye akakumana ndi vitamini D wambiri kashiamu amakwera msanga. Omwe amamwa digoxin wa mtima nawonso kashiamu akakwera ndi zoopsa. Palinso anthu omwe matupi awo sachedwa kukweza kashiamu ngakhale pa mlingo wocheperapo, odwala impso, omwe anakhalapo ndi miyala mu impso, odwala sarcoidosis yomwe imakonda kugwira anthu akuda, ena odwala TB, ndi omwe ali ndi vuto la tizithokomiro ting'onoting'ono ta pakhosi totchedwa parathyroid. Onsewa pa lebulo palibe ngakhale mmodzi.

Nkhani ya amayiwa inatha bwino koma zina sizinathe choncho. Mu 2022 magazini ya madokotala ya BMJ Case Reports inalemba za bambo wina wa kuno yemwe ankamwa mitundu yoposa 20 ya zowonjezera mthupi atalangizidwa ndi munthu wodzitcha katswiri wa zakudya, mwa zimenezo vitamini D 150,000 IU patsiku. Patangotha mwezi anayamba kusanza, kutsegula mmimba, miyendo kukokana, mmakutu kulira, ludzu, anataya makilogalamu pafupifupi 13, impso zinavulala, anagonekedwa masiku 8 akulandira madripu ndi mankhwala otsitsa kashiamu, ndipo patapita miyezi iwiri atatuluka vitamini D wake anali akadali wokwera. Mu Meyi 2023 ku Surrey kunamwalira agogo aamuna a zaka 89 omwe anakhala akumwa vitamini D kwa miyezi yosachepera 9, mlingo wake mmagazi unafika 380, yomwe inali nambala yomaliza yomwe labu imeneyo imatha kuwerenga. Wofufuza za imfayo analembera a Food Standards Agency ndi unduna wa za umoyo kudandaula kuti pa paketi panalibe chenjezo lofotokoza kuopsa komwa mopyola muyezo. Nditawerenga zimenezo ndinatembenuzanso botolo langali, ndipo ndi momwemo ndithu.

Chifukwa chake zikutheka ndi chakuti kuno mavitamini oterewa amawerengedwa ngati chakudya osati mankhwala. Sadutsa mmanja mwa a MHRA, bungwe la boma loona za mankhwala, ngati mmene amadutsira mankhwala ovomerezeka monga Fultium-D3 yemwe a GP amalemba, ndipo lamulo silinaike malire a kuchuluka kwa vitamini mu piritsi limodzi. Ndiye kungoti chinthu chikugulitsidwa poyera ndipo chili ndi ndemanga zikwizikwi za nyenyezi zisanu sizitanthauza kuti wina wake anachiyeza nkuvomereza mlingo wake. Ndemangazo ndinaziwerenga, ambiri akuyamikira kuti ndi tosavuta kumeza, tafika msanga, ndikumva mphamvu. Palibe yemwe angamve kashiamu wake akukwera sabata yoyamba. Komanso zomwe zalembedwa pa lebulo si nthawi zonse zimafanana ndi zomwe zili mkati, ku America mu 2013 ofufuza anayeza mapiritsi a vitamini D osiyanasiyana nkupeza kuti ena anali ndi 9% yokha ya zomwe zinalembedwa pomwe ena anafika 146%. Ku Denmark mu 2016 madontho a makanda a kampani ina anapezeka kuti anali amphamvu maulendo 75 kuposa zomwe zinali pa botolo, ana angapo anadwala. Kampani ikalakwitsa pa piritsi la 400 IU uli ndi mpata waukulu usanafike pa malire, koma ikalakwitsa pa la 10,000 unayambira kale kunja kwa malirewo. Ndipo dziko lino linaphunzirapo kale, mzaka za mma 1950 makanda ambiri anapezeka ndi kashiamu wochuluka mmagazi nthawi yomwe mkaka wa ufa ndi phala la ana ankazithira vitamini D wambiri, mpaka boma linachita kutsitsa mlingo.

Pali mtundu wina wa botolo lomweli womwe anawonjezeramo vitamini K2, ndipo uthenga womwe umazungulira pa WhatsApp umati ukamamwa ndi K2 palibe vuto chifukwa iyeyo amatenga kashiamu nkukamuika mmafupa. Abale musadalire zimenezo. Malire a 4,000 IU sasintha chifukwa choti mwaikamo K2, ndipo kwa omwe amamwa warfarin vitamini K amalimbana ndi mankhwala awowo.

Tsono mwina wina ati chabwino, koma mwina kuchulutsako kuli ndi phindu lake. Apanso botolo ili likulephera. Ku Australia mu 2010 anapatsa amayi achikulire oposa 2,000 mlingo waukulu wa 500,000 IU kamodzi pachaka kapena piritsi lopanda kanthu, ndipo omwe analandira vitamini wambiriyo ndi omwe anagwa kwambiri ndi kuthyoka mafupa kuposa anzawo. Ku Calgary ku Canada anayerekeza 400, 4,000 ndi 10,000 IU patsiku kwa zaka zitatu, zotsatira zinatuluka mu 2019, ndipo mafupa a omwe ankamwa wambiri sanalimbe kuposa a anzawo, mmalo mwake anapepukako. Taonani, 10,000 yomweyi, ndipo pa lebulo akuti mafupa olimba. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa VITAL, wa anthu pafupifupi 26,000 omwe theka lawo ankamwa 2,000 IU patsiku kwa zaka pafupifupi zisanu, sanapeze kuti khansa kapena matenda a mtima anachepa. Nthawi ya Covid ija ndi pomwe mabotolo akuluakuluwa anatchuka pakati pathu, tinali ndi mantha ndipo zinali zomveka chifukwa anthu akuda timafa kwambiri ndipo ambiri tinali kutsogolo kusamalira odwala, koma a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala kuno, mu Disembala 2020 ananena kuti vitamini D asaperekedwe pongofuna kupewa kapena kuchiza Covid, anangolimbikitsa ma micrograms 10 omwe aja a mafupa ndi minofu. Munthu yemwe akusowa vitamini D ukamupatsa amathandizika zedi. Yemwe wakwana kale ukamuonjezera palibe chomwe wapindula.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri tsopano ndi katundu wopita kumudzi. Wina akamapita ku Malawi timamusenzetsa zovala, mafoni, mafuta odzola, ndipo masiku ano mabotolo amenewa alowanso mmasutikesi, kuti amayi akamwe maondo asiye kuwawa. Kwathu dzuwa lilipo chaka chonse, mayi yemwe amakhala kumunda, kumsika kapena pakhonde masana thupi lake limapanga lokha. Sindikunena kuti kwathu kulibe osowa vitamini D, alipo, kafukufuku yemwe anatuluka mu The Lancet Global Health mu 2020 anaonetsa kuti mu Africa pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ali ndi wocheperapo, makamaka a mtauni, amayi ndi makanda. Koma ganizirani mayi wachikulire yemwe akulandira hydrochlorothiazide uja wa BP kuchipatala cha pafupi, walandira botolo lolembedwa Chingerezi chokhachokha kuchokera kwa mwana wake wa kunja yemwe amamukhulupirira, kutentha kwa Okutobala thupi likutaya kale madzi, akayamba ludzu ndi kukodza onse ati ndi shuga kapena ukalamba, kuyeza kashiamu mmagazi si chinthu chopezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, ndipo impso zikafa dayalisisi ya boma imapezeka mzipatala zikuluzikulu zochepa monga ku Kamuzu Central ndi ku Queens komwe makina ndi ochepa pomwe ofuna ndi ambiri. Ngati mukufunadi kuwatumizira, atumizireni a 400 IU ndipo auzeni kuti akawaonetse kwa a dokotala omwe amawapatsa mankhwala a BP.

Za ana ndiye musayerekeze nkomwe. Timakapisozi timeneti ndi ting'onoting'ono, tofewa, tonyezimira, mwana atha kutiona ngati maswiti, ndipo chivindikiro cha botolo langali chimangotseguka ukapotokola kamodzi, si chija chofuna kukanikiza kaye. Malire a mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 10 ndi ma micrograms 50, yomwe ndi 2,000 IU, ndipo a khanda losakwana chaka ndi ma micrograms 25, yomwe ndi 1,000 IU. Kakapisozi kamodzi ndi maulendo 10 a malire a khanda. Ndamvapo ena akuti amaboola nkufinyira mu phala, chonde ayi. Khanda loyamwa limangofunika ma micrograms 8.5 mpaka 10 patsiku a madontho opangidwira ana, ndipo lomwe likumwa mkaka wa mchitini woposa 500ml patsiku silifunika chifukwa mkakawo muli kale. Ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4 ndi ma micrograms 10 chaka chonse. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa nawo ndi 10 yomweyo, ndipo omwe akuyenerera thandizo la boma la Healthy Start amalandira mavitamini ulere, afunseni azamba kapena a health visitor.

Chomwe ine ndimagula ndi mapiritsi wamba a ma micrograms 10, aja a dzina la shopu yomweyo, ku Boots, Superdrug, Tesco, Asda konse amapezeka, mtengo wake ndi mapaundi ochepa ndipo kabotolo kamodzi kamatha miyezi. Alibe chithunzi chokopa, ndi toyera tating'ono tosavuta kumeza, ndimamwa ndi chakudya chifukwa amalowa bwino mthupi pakakhala kamafuta. Amenewo ndiye ndingawapatse nyenyezi zisanu mosakaika. A 25 micrograms, omwe ndi 1,000 IU, aliponso pa shelefu yomweyo ndipo akadali kutali ndi malire, ambiri omwe anamaliza chithandizo amauzidwa kuti azipitiriza ndi 800 mpaka 2,000 IU. Pa chakudya tili ndi nsomba za mafuta monga sardines, mackerel ndi salmon, chikasu cha dzira, nyama yofiira ndi chiwindi, kungoti oyembekezera chiwindi ndi cod liver oil azipewe chifukwa cha vitamini A. Ngati mukumva kutopa kosatha, mafupa kuwawa, kulephera kudzuka pampando opanda kugwirira, pitani kwa GP mukafotokoze, akaona kuti nkofunika ayeza magazi, ndipo akapeza kuti vitamini D wanu mmagazi ali pansi pa 25 nmol/L ndiye kuti mukusowadi ndipo akupatsani mlingo waukulu wokhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku losiyira. Alipo anthu ochepa omwe matumbo awo sayamwa bwino chakudya, kapena anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, omwe madokotala amawapatsa wambiri kwa nthawi yaitali uku akuwayeza, amenewo atsatire zomwe awauza.

Ngati muli nalo kale botolo limeneli ndipo mwakhala mukumwa tsiku lililonse popanda kulemberedwa, siyani kaye mukalankhule ndi a ku famase, kumeneko sikufuna apointimenti ndipo salipiritsa kufunsa, mutenge mabotolo onse omwe mumamwa kuphatikiza a multivitamin ndi a zitsamba omwe kuti awerengere pamodzi. Lotsalalo musapatse mnzanu ndipo musalitaye mu bini momwe ana angalipeze, a famase amalandira mankhwala osafunika nkukataya okha. Ngati mwayamba kale ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, mseru, kusanza, kudzimbidwa, kufooka kapena kusokonezeka mutu, imbirani GP tsiku lomwelo kapena 111, nambala ya a NHS yofunsira thandizo mwachangu, ndipo ngati munthu wasokonezeka kwambiri, akungogona kapena mtima ukugunda modabwitsa ndiye ndi 999 ya ambulansi. Mukafika muwauze nokha za vitamini D ndi kuchuluka kwake musanafunsidwe, ndipo akakuuzani kuti mudzabwerenso kudzayezetsa mupite ngakhale mutayamba kupeza bwino, chifukwa yemwe anasungidwa mmafuta uja amapitiriza kutuluka kwa masabata kapena miyezi mutasiya kumwa.